Kamphaka Kachilendo Pakhomo pa Mphaka Wamkulu

Phunziro lathu la za pakhomo mwezi uno likunena za chiweto chimene ambiri tili nacho koma sitichiganizira kwenikweni. Ena timati mphaka, ena chona, ana athu a mu Lusaka muno amangoti pusi.

Kukolola kukatha, matumba a chimanga amayamba kufika kuchokera kwa abale ku Chipata, ku Katete ndi ku Petauke. Timawaunjika m'galaja kapena m'chipinda chosungiramo zakudya, ndipo makoswe sachedwa kumva. Kuzizira kwa June ndi July kumawalowetsanso m'denga. Apa ndi pamene mayi amaona kuti mphaka wake wakalamba, sakugwiranso monga kale. Ndiye amakapempha kamphaka kwa mnansi, kapena kubwera nako pa basi pochokera kumudzi. Kamphaka kakangofika, mtendere wa m'nyumba umatha.

Zinatichitikira ife kuno ku Woodlands. Tinali ndi mphaka wamkazi wa zaka 9, wofatsa, wosaba ndiwo. Tsiku lina mdzukulu wanga anabwera ndi kamphaka m'katoni. Tinakatulutsa pabalaza pomwepo, wamkulu akuona, poganiza kuti popeza ndi wamkazi akalandira ngati mwana wake. Ubweya unaima thupi lonse, anakamenya mbama, nkutulukira pawindo. Anatha masiku atatu osalowa m'nyumba. Atabwerera anayamba kukodzera makhushoni a pa sofa. Abambo a kunyumba anati mmodzi achoke basi, mdzukulu nkuyamba kulira. Cholakwa chinali chathu, chifukwa tinapupuluma. Tiyeni tione pamodzi mmene tingachitire kuti zotere zisaoneke pakhomo panu.

1. Chifukwa chiyani wamkulu amakwiya?

Ife timafulumira kunena kuti ndi nsanje kapena nkhanza. Koma chimene chimamugwira mphaka wamkulu ndi mantha.

Mphaka woweta ndi m'bale wa vumbwe wa m'tchire. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2007 anaonetsa kuti amphaka onse oweta anachokera kwa vumbwe wa kumpoto kwa Africa ndi ku Middle East. Mu 2004 akatswiri okumba zakale analengeza kuti pa chilumba cha Cyprus anapeza manda a munthu amene anaikidwa pamodzi ndi mphaka zaka pafupifupi 9,500 zapitazo. Anthu atayamba kulima ndi kusunga dzinthu m'nkhokwe, mbewa zinabwera, ndipo avumbwe anatsata mbewazo. Ntchito imene timamusungira lero ndi yomweyo.

Makolo a galu ankasaka m'gulu, nchifukwa chake galu sachedwa kuzolowera mnzake. Vumbwe amasaka yekha, pakuti mbewa imodzi siikwanira awiri. Motero mphaka aliyense amakhala ndi dera lake la chakudya, madzi ndi pogona, ndipo mphaka wina wolowa m'deralo amaoneka ngati wodzalanda. Amphaka amene amakhala mwamtendere m'gulu kawirikawiri amakhala aakazi a pachibale amene anakulira pamodzi. Wachilendo amamuthamangitsa, ngakhale akhale mwana.

Malire a dera lake mphaka amawalemba ndi fungo. M'masaya mwake, pachibwano, pamphumi ndi kumapazi kuli tinthu totulutsa fungo limene mphuno zathu sizimva. Mukamuona akudzikhula pa miyendo yanu, pa mwendo wa tebulo kapena pa chitseko, ndiye kuti akulemba dzina lake. Nyumba ikamanunkha fungo lake, mtima wake umakhala m'malo. Kamphaka kamabwera ndi fungo lachilendo, ndipo kwa wamkulu zili ngati inu mwabwera kuchokera ku msika nkupeza mayi wina wosamudziwa akuphika m'khitchini mwanu ndi mapoto anu.

Choncho sungani lamulo ili, chifukwa phunziro lonse latsamira pomwepa: fungo liyambe, maso atsatire, kukhudzana kudze pomalizira.

2. Musanatenge kamphaka

Choyamba, onani msinkhu wake. Kamphaka kasachoke kwa mayi wake kasanakwane masabata 8, ndipo kakafika masabata 12 ndiye bwino koposa. Ndi pakati pa abale ake pamene kamaphunzira kusewera kosaluma kwambiri ndi kubweza zikhadabo. Kamene kachotsedwa msanga kamavutitsa wamkulu chifukwa sikadziwa polekezera. Funsaninso ngati kanazolowera kugwidwa ndi anthu. Nthawi imene kamphaka kamazolowera manja a munthu ndi kuyambira masabata 2 mpaka 7.

Chachiwiri, ganizirani mwini nyumba. Ngati mphaka wanu wakalamba kwambiri, akudwala kapena akuvutika kudumpha, kamphaka kodzaza mphamvu kadzamusowetsa mtendere. Ganiziraninso malo. Pabwalo lalikulu la mitengo monga a ku Woodlands kapena ku Kabulonga, amphaka awiri akhoza kupatukana aliyense kwake. M'fulati ya ku Kabwata kapena m'nyumba ya zipinda ziwiri ku Chelstone zimathekanso, koma pamafunika kukonzekera kwambiri.

Chachitatu, thanzi. Kamphaka kochokera kumudzi kapena kotoledwa pamsewu kakhoza kubwera ndi nthata, njoka za m'mimba, zipere kapena chimfine cha amphaka chimene chimaoneka ndi kuyetsemula ndi manthongo m'maso. Zonsezi kangapatsire wamkulu, ndipo zipere zimagwiranso ana athu. Pitani nako kwa dokotala wa ziweto kasanakumane ndi mnzake. Katemera woyamba amabayidwa pa masabata 8 kapena 9, nkubwereza patapita masabata atatu kapena anayi. Wa chiwewe amabayidwa kakakwana miyezi itatu. Onetsetsani kuti wamkulu nayenso katemera wake sanathe nthawi. Mu Lusaka muli madokotala a ziweto angapo. Sukulu ya Samora Machel School of Veterinary Medicine ya pa UNZA, mu Great East Road, ili ndi chipatala cha ziweto, ndipo bungwe la Lusaka Animal Welfare Society limasamala agalu ndi amphaka osowa pokhala ndi kuwapezera mabanja atsopano.

Chachinayi, kubereka. Kamphaka kakakazi kakhoza kutenga bere kali ndi miyezi inayi kapena isanu yokha. Bere limatenga masabata 9, ndipo mphaka akhoza kuswa kawiri kapena katatu pa chaka. Wamwamuna wosathena amakonda ndewu, kuyendayenda ndi kuthira mkodzo wonunkha m'makoma. Kuthena wamwamuna ndi kutseka mimba ya wamkazi kumachepetsa mavuto ambiri amene tinene pansipa. Musaope kuti akatero aleka kugwira makoswe. Kusaka kuli m'magazi mwake, sikuchoka.

Chachisanu, katundu. Aliyense akhale ndi mbale yake ya chakudya, mbale yake ya madzi ndi pogona pake. Kwa amphaka okhala m'nyumba, mabeseni a mchenga opitamo kuchimbudzi akhale ochuluka ndi limodzi kuposa amphakawo: amphaka awiri, mabeseni atatu, ndipo asakhale pamalo amodzi. Beseni lakale losazama ndi mchenga wouma wa kumtsinje zimakwanira. Beseni lisayandikane ndi mbale ya chakudya.

3. Njira zinayi zowazolowezera

Njira yoyamba: chipinda chakechake. Lowetsani kamphaka m'nyumba wamkulu asakuona, ndipo mukaike m'chipinda chotseka muli zonse zimene kakufuna, pamodzi ndi katoni yobisalamo. Musasankhe chipinda chimene wamkulu amakonda kugonamo. Kakhale mmenemo kwa sabata imodzi kapena awiri. Nthawi imeneyi imakuthandizaninso kuona ngati kali ndi matenda. Wamkulu asaone kusintha pa moyo wake: adye pa nthawi yake, agone pamalo pake, mumusisite monga mwa masiku onse. Uzani ana, alendo ndi wokuthandizani ntchito za m'nyumba kuti chitseko chimenecho chisasiyidwe chotsegula. Nthawi zambiri ndi mwana wofuna kuona mmene akomanire amene amaononga ntchito yonse.

Njira yachiwiri: kusinthana fungo. Tengani kansalu kofewa, mupukute nako kamphaka m'masaya, ndipo mukasiye pamalo pamene wamkulu amapita. Musakaike pamphuno pake kapena m'mbale mwake, akapeze yekha. Chitaninso chimodzimodzi ndi kansalu kena kuchokera kwa wamkulu kupita kwa kamphaka. Patapita masiku awiri kapena atatu, sinthanitsani zitenje zakale zimene amagonapo. Kenaka, wamkulu akatuluka panja, tsekani zitseko ndi mawindo, mulole kamphaka kayende m'nyumba monse kwa theka la ola. Tsiku lina chotsani kamphaka, mulole wamkulu alowe m'chipinda chake anunkhize mpaka atakhutira. Mukamuona atayasama pang'ono atatha kununkhiza, musadabwe. Mphaka ali ndi kachiwalo komvera fungo m'kamwa chakumwamba. Chizindikiro chakuti mungapite patsogolo ndi ichi: wamkulu akununkhiza kansalu nkungodutsa, osadzuma, osaonetsa mano.

Njira yachitatu: kudyera pafupi ndi kuonana. Ikani mbale zawo mbali ziwiri za chitseko chotseka, iliyonse patali ngati mamita awiri kuchokera pa chitseko. Tsiku ndi tsiku sendezani pang'ono. Cholinga ndi chakuti wamkulu azimva fungo la mnzake pa nthawi imene akulandira chabwino. Akafika podyera pafupi ndi chitseko mosatekeseka, aonane tsopano. Ngati muli ndi chitseko cha waya wotchinga udzudzu, gwiritsani chimenecho. Ngati mulibe, tsegulani chitseko kampata ka zala ziwiri, muchitchinjirize ndi njerwa uku ndi uku kuti chisakankhike. Aonane kwa mphindi zochepa, muwapatse tizidutswa ta nkhuku yophika yopanda mchere ndi mafupa, ndipo mutseke zinthu zisanaipe.

Njira yachinayi: kukumana. Yambani mwaseweretsa kamphaka mpaka katatopa, ndipo onse akhale atadya. Tsegulani chitseko, inu mukhale pansi chete. Musanyamule aliyense m'manja, musawagundanitse mphuno. Wamkulu akhale ndi pothawira: chitseko chotsegula, pamwamba pa kabati, pa shelefu kapena pawindo pamene kamphaka sikangafike. Tsiku loyamba mphindi 5 kapena 10 zakwana. Onjezerani pang'ono tsiku lililonse. Usiku, ndiponso pamene nonse mwachoka kupita ku ntchito kapena ku tauni, apatuleni mpaka patapita masabata angapo opanda ndewu.

Zikavuta pa njira iliyonse, bwererani pa njira ya m'mbuyo mukhalepo masiku angapo. Amphaka ena amazolowerana m'masabata awiri kapena atatu, ena amatenga miyezi. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Wotsogolera ulendowu ndi mphaka wamkulu, ndipo inu muziyenda pa liwiro lake.

4. Kusiyanitsa mwambo, masewera ndi ndewu

Amayi ambiri amalakwitsa pano, amakalipira wamkulu pa chinthu chimene sichili cholakwa. Kamphaka kakamuyandikira kwambiri, iye nkuchita “khaa!” mano ali pamtunda, kapena kukamenya kamodzi zikhadabo zili m'kati, kenaka nkuchokapo, kumeneko ndi kulanga mwana kuti adziwe malire. Musiyeni. Mukamumenya pa chimenechi adzaphunzira kuti kamphaka kakakhalapo iye amapwetekedwa, ndipo chidani chidzakula.

Masewera amadziwika motere: mulibe kulira, amasinthana wothamangitsa ndi wothawa, makutu amakhala chilili, ndipo akapuma amabwererana okha.

Ndewu yeniyeni ili ndi zizindikiro zake: makutu ogona chakumbuyo, ubweya woima, mchira wofufuma, kudzuma kwa pansipansi, kulira kokuwa, mmodzi yekha kumangothamangitsidwa, ubweya kuthothoka kapena magazi. Palinso nkhanza ya chete imene sitiizindikira msanga. Wamkulu amangokhala pakhomo kapena pampata wopita ku zipinda, maso ali tong'o pa mnzake, ndipo kamphaka kamalephera kupita kukadya kapena ku beseni la mchenga. Mukaona zotere, ikani mbale ndi mabeseni m'malo osiyanasiyana kuti mphaka mmodzi asathe kulondera zonse.

Zizindikiro za mtendere ndi izi: kugona m'chipinda chimodzi ngakhale motalikirana, kudutsana osaima, kuphethira pang'onopang'ono poyang'anana, kugundana mphuno, ndipo pomalizira kunyambitana.

5. Mavuto amene amabuka ndi chochita

(a) Kukodza m'nyumba. Mphaka akaima chilili, mchira uli m'mwamba ukunjenjemera, nkuthira mkodzo pang'ono pakhoma kapena pa katani, ndiye kuti akulimbitsa malire chifukwa mtima wake suli m'malo. Akanyonyomala nkukodza wambiri pa bedi kapena pa khushoni, mwina akuopa kupita ku beseni, mwina beseni lada, mwinanso akudwala. Sachita zimenezi pofuna kukubwezerani. Kumumenya kapena kumupaka mphuno mu mkodzo kumawonjezera mantha, mkodzonso nkuchuluka. Tsukani pamalopo ndi madzi ofunda ndi sopo wa ufa wochapira zovala, mutsukuluze, paume bwino. Pewani mankhwala otsukira okhala ndi ammonia, chifukwa fungo lake limafanana ndi la mkodzo ndipo limamuitananso. Fungo la Jik nalonso limakopa amphaka ambiri, pamene Dettol ndi poizoni kwa mphaka akamunyambita kumapazi. Koma mvetsetsani ichi: mphaka wamwamuna akamapita ku mchenga pafupipafupi, akudzikakamiza, akulira, mkodzo osatuluka kapena kungodontha, njira ya mkodzo ikhoza kukhala itatsekeka. Pitani naye kwa dokotala tsiku lomwelo, chifukwa akhoza kufa m'masiku awiri kapena atatu.

(b) Kukana kudya. Wamkulu akatha masiku awiri osadya, musati ndi mkwiyo chabe udzatha. Chiwindi cha mphaka, makamaka wonenepa, chimaonongeka akakhala ndi njala nthawi yaitali. Kamphaka kasapitirire tsiku limodzi. Yesani kumupatsira chakudya kumalo kwa yekha, kutali ndi fungo la mnzake, ndipo akakanabe pitani kwa dokotala. Dziwaninso kuti mphaka ndi wodya nyama, nsima yokha siimukwanira. Kapenta muyambe mwamuviika kuti mchere uchoke. Ndiwo zokhala ndi anyezi kapena adyo zimaononga magazi ake, ndipo mkaka wa ng'ombe umatsegula m'mimba amphaka ambiri. Mphaka wanjala sapirira mnzake, ndiye musawamane chakudya poganiza kuti njala iwagwiritsa makoswe ambiri.

(c) Kamphaka kosapatsa mnzake mpumulo. Kamphaka kamafuna kusewera pafupifupi nthawi zonse, pamene wamkulu amafuna kugona. Kakasowa wosewera naye kamalumphira mchira wa wamkulu. Ntchito imeneyi apatseni ana: kawiri kapena katatu pa tsiku, kwa mphindi 10, akaseweretse ndi nthenga yomangirira ku kamtengo kapena kampira ka pepala. Asasewere nako ndi manja, chifukwa kadzazolowera kuluma anthu. Akatha asunge chingwe ndi ulusi, pakuti kakameza ulusi matumbo amapotana. Wamkulu akhale ndi chipinda chimodzi kapena malo okwera pamene kamphaka sikaloledwa.

(d) Wamkulu kusamuka. Mipanda ya njerwa ya m'madera athu ndi misewu ya amphaka. Wamkulu akaona kuti kwawo kwaipa, amayenda pamwamba pa mpanda nkukapeza khomo lina, ndipo ena amagundidwa ndi galimoto poyendayenda. Pitirizani kumuitana pa nthawi yake ya chakudya, musalole kamphaka kulanda pogona pake, ndipo usiku agone m'nyumba. Ngati mwadziwa kumene akupita, pemphani anansi mwaulemu kuti asamupatse chakudya.

(e) Kulira usiku. Tinene mosabisa, amayi anzanga. Mphaka akamalira usiku ngati khanda, kapena amphaka achilendo akayamba kusonkhana pa mpanda, ena a ife timayamba kuganiza za ufiti, mwinanso kukayikira amene anatipatsa kamphakako. Maubale aonongeka ndipo ziweto zaponyedwa miyala chifukwa cha maganizo otere. Kulira kumeneku kuli ndi chifukwa chodziwika. Wamkazi wosatsekedwa mimba akafika nthawi yofuna mwamuna amaitana mokuwa, ndipo amuna a m'dera lonse amabwera nkumaopsezana. Kamphaka katsopano nakonso kamalira masiku oyamba chifukwa chosowa mayi wake. Botolo la madzi ofunda lokulungidwa m'nsalu limakatonthoza, makamaka m'miyezi yozizira.

(f) Ndewu ikabuka. Musalowetse manja kapena mwendo pakati pawo, chifukwa mphaka wokwiya sazindikira mwini wake. Ombani m'manja mwamphamvu, lowetsani katoni yophwatalala pakati, kapena ponyani bulangete pa mmodzi. Apatuleni m'zipinda zosiyana kwa tsiku lathunthu kapena kuposa, kenaka muyambirenso pa kusinthana fungo. Apapaseni thupi lonse pofuna mabala. Mano a mphaka amaboola kabala kakang'ono kamene kamatseka msanga, ndipo patapita masiku ochepa pamatuluka chotupa cha mafinya chofunika dokotala. Musayese kumupatsa Panadol, ngakhale kachidutswa, chifukwa amapha mphaka. Mankhwala a nthata a agalu okhala ndi permethrin nawonso amapha amphaka. Ndipo ngati mwaweta amphaka, chotsani poizoni wa makoswe m'nyumba, pakuti kamphaka kakhoza kumudya kapena kudya khoswe amene wamudya.

6. Kuteteza anthu a m'nyumba

Pa nthawi imene amphaka sakumvana, kawirikawiri amene amalumidwa kapena kukandidwa ndi mwana wofuna kuleretsa. Bungwe la World Health Organization limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri a iwo mu Africa ndi Asia, ndipo ambiri ndi ana. Agalu ndi amene amafalitsa kwambiri, koma mphaka nayenso amagwidwa ndi kupatsira. Chiwewe chikangoyamba kuonetsa zizindikiro, munthu sachira. Nchifukwa chake dziko lonse limakumbukira tsiku la chiwewe pa 28 September.

Munthu akalumidwa kapena kukandidwa mpaka kutuluka magazi, tsukani bala ndi sopo pa madzi oyenda kwa mphindi 15, kenaka pitani ku kiliniki ya pafupi tsiku lomwelo, makamaka ngati mphakayo sanabayidwe katemera kapena simudziwa kumene anachokera. Tengani khadi la katemera la chiwetocho ngati lilipo. Ngakhale mphaka akhale wobayidwa, bala la mano ake pa dzanja limatupa msanga, ndiye musalinyozere.

Mayi woyembekezera asakhale wotaya mchenga wa m'beseni. M'chimbudzi cha mphaka mukhoza kukhala tizilombo toyambitsa matenda a toxoplasmosis, amene angavulaze mwana wa m'mimba. Wina agwire ntchitoyo tsiku lililonse ndi kusamba m'manja ndi sopo akatha. Sikofunika kuthamangitsa mphaka chifukwa cha mimba.

7. Tiyembekezere zotani?

Si amphaka onse amene amafika pogona atakumbatirana. Ambiri amangogawana nyumba: uyu pa sofa, uyo pawindo, uyu panja m'mawa, uyo madzulo. Ngati onse akudya, akugona, akupita ku mchenga mosaopa, ndipo palibe wovulala, ntchito yanu yatheka.

Nthawi zina zimakanikadi. Ngati papita miyezi itatu kapena inayi mukutsata njira zonsezi koma akuvulazanabe, kapena mmodzi akungokhala mobisala ndi kuwonda, funsani dokotala wa ziweto, ndipo ngati palibe chosintha pezerani kamphaka khomo lina labwino. Kukaika m'thumba nkukataya kutchire kapena ku msika ndi nkhanza, ndiponso kumachulukitsa amphaka osabayidwa katemera m'dera limene ana athu amasewera.

Kwathu kuja tinayambiranso pachiyambi. Kamphaka tinakatsekera m'chipinda chosungiramo makina osokera, makhushoni tinachapa, ndipo mdzukulu ndiye anapatsidwa udindo wosinthanitsa tinsalu m'mawa uliwonse asanapite ku sukulu. Pa sabata yachitatu wamkulu analeka kukodza m'nyumba. Pa sabata yachisanu ndi chimodzi tinawapeza onse pakhonde akuwothera dzuwa, motalikirana ngati mikono iwiri. Sanakhalepo mabwenzi a ponda apa nane mpondepo, koma palibe amene anachoka, ndipo chimanga cha m'galaja chinafika mpaka dzinja.

Mafunso okambirana pa gulu

1. Kodi mphaka amalemba bwanji malire a dera lake, ndipo kudziwa zimenezi kukusintha chiyani pa mmene mumaonera mphaka wokodza m'nyumba?

2. M'nyumba mwanu, ndi chipinda chiti chimene mungasungiremo kamphaka masabata awiri oyamba? Amene muli ndi nyumba zazing'ono, thandizanani nzeru.

3. Tchulani zizindikiro zitatu zosiyanitsa masewera ndi ndewu.

4. Ndi zinthu ziti za m'kabati mwathu zimene zingaphe mphaka? Kodi ana ndi otithandiza ntchito akuzidziwa?

5. Kodi ziweto za pakhomo panu zinabayidwa liti katemera wa chiwewe? Mukafika kunyumba, kayang'aneni khadi.